Kwa malume ku Salima, ndi chitsulo chimene fupa linachilandira

LOLEMBA

Ndanyamuka ku Lilongwe nditavala juzi, kuzizira kwa Julaye kuli pachimake. Titadutsa pa Chezi n'kuyamba kutsetsereka aliyense m'minibasi anali akuvula china chake. Msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100 okha, koma ukatsika pa Kamuzu Road umadziwa kuti wafika dziko lina. Anyamata a kabaza anandizungulira ndisanaponde n'komwe pansi.

Ndabwera kudzaona malume. Iwowa anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, ndipo chaka chatha anawachita opaleshoni ya m'chiuno pa chipatala china ku Blantyre, fupa la ntchafu litaperepeseka kumutu kwake mpaka kulephera kuvala nsapato okha. Ndinawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba, ndodo itatsamira pakhoma patali ndithu.

"Aphunzitsi, mwafika? Bwerani muone chitsulo changa."

Amanditchula choncho chifukwa ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, komanso pofuna kundiseka. Anatulutsa envulopu yaikulu pansi pa matiresi, n'kuyang'anitsa chithunzi cha X-ray ku dzuwa. Munali chitsulo choyera mbee, chonga mpini waufupi, chitalowa pakati pa fupa la ntchafu, mutu wake wobulungira utakhala m'kambale ka m'chiuno. Akuti adokotala anawauza kuti sanaikemo simenti, fupa lidzachigwira lokha. Malume amati chitsulocho "chinamera". Azakhali amati zimenezo n'zabodza, chitsulo sichimera. Woweruza mlanduwu ndi mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amene akuphunzira udokotala wa mano ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndipo ali pa tchuthi. Iye wati tiyambe tadya kaye. Kunali kampango ndi mpunga wa ku Lifuwu, mlandu tauimika.

LACHIWIRI

Tapita ku Senga Bay ndi asuweni. Mwera wakhala ukuwomba usiku wonse, nyanja yakwiya, mabwato ambiri ali pamtunda ndipo usipa wakwera mtengo. Asodzi akusoka makoka, ena akusewera bawo.

M'mphepete mwa madzi muli mizere ya mchenga wakuda bii, pamene mafunde akokolola mchenga wopepuka n'kusiya wolemera. Ana amaudziwa bwino. Ndinabwereka maginito a sipika yakale kwa mnyamata wokonza mawailesi, n'kuwakhwekhwereza pamchengapo, ndipo timchenga takuda tinakakamira ngati ubweya. Timene timakakamira msanga ndi ta chitsulo wamba, koma mu mchenga wa gombe la Salima, makamaka cha ku Chipoka, muli mwala wotchedwa ilmenite, umene mkati mwake muli titanium. Chitsulo cha m'chiuno mwa malume chimachokera ku miyala ya mtundu umenewu.

Mmene chinapezekera sizisiyana kwenikweni ndi masewera athu a lerowa. Mu 1791 m'busa wina wa ku Cornwall ku England, William Gregor, anatola mchenga wakuda mu kamtsinje ka ku Manaccan, n'kuona kuti ukukokedwa ndi maginito koma muli china chosadziwika. Dzina la titanium linaperekedwa ndi Martin Klaproth wa ku Germany mu 1795. Kuchoka pamenepo panadutsa zaka pafupifupi 150 anthu asanathe kupanga chitsulocho chambiri, chifukwa chikatentha chimameza mpweya n'kukhala chophweka kusweka. Njira imene ikugwiritsidwabe ntchito lero ndi ya William Kroll wa ku Luxembourg, ya cha m'ma 1940: mwala amauphika ndi chlorine ndi makala kuti usanduke madzimadzi, kenako amautenthetsa ndi magnesium m'chiwiya chopanda mpweya wa oxygen. Mafakitale ochita zimenezi ndi ochepa, ambiri ali ku China, Japan, Russia ndi Kazakhstan. Ndipo miyala yambiri ya titanium, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse, sisanduka chitsulo n'komwe. Imapita kukapangira ufa woyera wa mu penti, m'mapulasitiki ndi m'mankhwala otsukira mano.

Msodzi wina wachikulire amene amationerera anafunsa ngati ndife a migodi. Anamva pa wailesi za ku Kasiya ku Lilongwe, kumene kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inapeza rutile wochuluka, mwala umene uli ndi titanium wambiri kuposa ilmenite. Nkhawa yake inali imodzi: akayamba kukumba kunyanja kuno, makoka aziyanika kuti? Tinamutsimikizira kuti ndife alendo chabe, koma sanaoneke wokhutira.

LACHITATU

Lero sitinapite kulikonse, mphepo yachuluka. Mlandu wa Lolemba uja unazengedwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo oweruza anatenga tsiku lonse. Ndilemba mmene ndamvera, ndi pang'ono zanga.

Asuweni anayamba ndi kunena kuti thupi la malume silikhudzana ndi chitsulo chenicheni ayi. Titanium akangokumana ndi mpweya, m'kanthawi kosakwana sekondi amadzikuta ndi kakhungu ka oxide kopyapyala zedi, koti kungoyeza kuchindikala kwake umawerenga maatomu makumi angapo. Dzimbiri la khasu limafundukuka n'kumadya chitsulo mpaka kuboola, koma kakhungu aka kamamatirira, sikalola madzi amchere a m'thupi kudutsa, ndipo kakakandika kamabwereranso kokha. Magazi, maselo ndi fupa zimakumana ndi kakhunguko basi. Choncho nzeru zonse za akatswiri pa zaka 50 zapitazi zathera pa kusewera ndi khungu limeneli.

Amene anazindikira kuti fupa limachikonda chitsulochi ndi Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden. Mu 1952 ankafufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu, ndipo anaika timazenera ta titanium m'miyendo yawo kuti azisuzumira. Pofuna kutichotsa kuti atigwiritsenso ntchito, tinakana. Fupa linali litagwira nganganga, popanda mnofu uliwonse pakati. Mu 1965 ku Gothenburg anaika timisomali tamazinga ta titanium, tokhazikapo mano oikirira, m'nsagwada za munthu woyamba, Gösta Larsson, amene anakhala nato akutafunira mpaka kumwalira kwake mu 2006. Madokotala a mano ambiri sanamukhulupirire Brånemark mpaka msonkhano wa ku Toronto mu 1982.

Apa malume anayang'ana azakhali monyadira. Koma asuweni anawadula: "Ababa, chitsulo sichimera. Fupa lanu ndi limene linamera n'kuchikumbatira." Azakhali anaomba m'manja. Aliyense anati wawina.

Timisomali ta Brånemark tinali tongochoka pa makina osemera, tosalala ndithu, ndipo wodwala ankadikira miyezi itatu ngati ndi nsagwada ya m'munsi, isanu ndi umodzi ngati ndi ya m'mwamba imene fupa lake ndi lofewa, asanaikepo dzino. Pa fupa lofewa ena ankagwedera n'kuchoka. Ndiye anthu anayamba kufunsa: bwanji tikakhakhalitsa?

Mmisiri amene akumanga khitchini ya azakhali anali atasiya ntchito n'kumamvetsera. Iye anati: "Zimenezo ndiye timazidziwa ife. Konkire ikasalala kwambiri pulasitala imafundukuka. Timayamba tagogoda ndi tchizulo, n'kuthira madzi, kenako n'kupaka." Asuweni anati wakhoza mayeso onse awiri, kukhakhalitsa ndi kunyowetsa komwe, kungoti tchizulo cha akatswiriwa n'chaching'ono kwambiri.

Muyeso wake ndi maikulomita, ndiye kuti milimita imodzi kuigawa ka 1,000. Tsitsi limodzi limanenepa maikulomita cha m'ma 70. Njira yofala kwambiri pa timisomali ta mano imayamba ndi kuwombera chitsulo ndi mchenga wouma wa alumina, wa maikulomita 250 mpaka 500, pogwiritsa ntchito mpweya wamphamvu. Umenewu umasiya zigwa zikuluzikulu. Kenako amachiviika mu asidi wotentha, wosakaniza hydrochloric ndi sulphuric, amene amakumba timaenje ta maikulomita ochepa mkati mwa zigwazo n'kutsukanso zotsalira za mchenga uja. Kampani ya Straumann ya ku Switzerland imatcha khungu limeneli SLA. Mu 1991 Daniel Buser ndi anzake ku Bern anayesa makungu osiyanasiyana m'mafupa a nkhumba zazing'ono. Pa chitsulo chopukutidwa, fupa linakhudza magawo 20 mpaka 25 pa 100 a khungu lake. Pa chowombedwa mchenga ndi kuviikidwa mu asidi linakhudza magawo 50 mpaka 60. Ndi khungu lotere, kudikira kwa miyezi kuja kunatsika kufika pa masabata 6 mpaka 8 pa fupa labwino.

Chifukwa chake ndiye chinandisangalatsa kwambiri. Chitsulo chikangolowa, choyamba kufika ndi magazi. Amaundana n'kupanga ulusi wopyapyala umene umalumikiza chitsulo ndi fupa, ndipo maselo omanga fupa amayenda pa ulusi umenewu kuti akafike pa chitsulo. Koma poyenda amaukoka, komanso bala likamapola limakhwinyata. Pa khungu losalala ulusi umapulumuka, maselo amatsalira patali, ndipo fupa latsopano limayenera kukula pang'onopang'ono kuchokera ku fupa lakale. Pa khungu lokhakhala ulusi umakola m'timaenje, maselo amafika, n'kuyamba kumanga fupa pachitsulo penipeni. Ntchito imayambira mbali zonse ziwiri, n'kukumana pakati. Maselowo akakhala pa malo okumbikakumbika amafulumiranso kukhwima n'kuyamba kuika laimu wa fupa.

Si kuti kukhakhala kwambiri ndiye bwino. Tomas Albrektsson ndi Ann Wennerberg a ku Sweden anasanja makunguwa mu 2004, n'kupeza kuti pa timisomali ta mano kukhakhala kwapakatikati, kwa maikulomita 1 mpaka 2, ndi kumene fupa limakulandira bwino koposa.

Za kunyowetsa zija ndi izi. Titanium akakhalitsa pa mpweya amatola mafuta osaoneka ochokera mu mpweyamo, ndipo dontho la madzi limangokhala pamwamba osafalikira. Magazi nawo amachedwa kulowa m'timaenje. Mu 2005 Straumann inatulutsa timisomali timene timatsukidwa mosakhudzana ndi mpweya n'kusungidwa m'madzi amchere mpaka tsiku la opaleshoni, kuti magazi azikwera okha m'mazinga.

Palinso njira zina. Ena amaviika chitsulo mu asidi n'kudutsitsamo magetsi kuti kakhungu ka oxide kachindikale n'kuboka timabowo, monga TiUnite ya kampani ya Nobel Biocare ya m'chaka cha 2000. Magetsi akakhala ochepa chitsulo chimangosintha mtundu, n'chifukwa chake timisomali tina ta mafupa timaoneka tabuluu kapena tagolide popanda penti. Tadashi Kokubo wa ku Kyoto ku Japan anasonyeza kuti kuviika titanium mu soda wopangira sopo pa madigiri 60 kwa tsiku lathunthu, n'kumuwotcha pa madigiri 600, kumachititsa kuti mchere wa fupa uzimera wokha pakhungu lake likakumana ndi madzi a m'thupi.

Cha malume, malinga ndi pepala la kuchipatala limene asuweni anawerenga, ndi titanium wosakaniza, wa magawo 6 a aluminium ndi 4 a vanadium pa 100 alionse, wopakidwa hydroxyapatite. Umenewu ndi mchere wa calcium ndi phosphate womwe uja umene umalimbitsa mafupa athu. Ufa wake amauponyera m'lawi lotentha madigiri oposa 10,000, umasungunuka uli m'malere, n'kukamatirira pachitsulo. Fupa likafika limapeza chinthu cha kwawo. Zitsulo zina za m'chiuno zimakhala ndi mabowo a maikulomita 100 mpaka 400 kuti fupa lilowe ndi mitsempha yake ya magazi.

Koma khungu lingakongole bwanji, fupa silimanga pa chinthu chogwedera. Chitsulo chikamasuntha kupitirira maikulomita pafupifupi 150 m'masabata oyamba, thupi limachikuta ndi mnofu wolimba wa chipsera m'malo mwa fupa. N'chifukwa chake dokotala amachikhomera chothina, ndipo ena amauzidwa kuyenda ndi ndodo poyamba. Malume anavomera ndi mutu, amvekere kuona maso a nkhono n'kudekha. Azakhali anawakumbutsa kuti sabata yachitatu anawagwira akufuna kukwera njinga.

LACHINAYI

Malume anaumirira kuti tipite ku Chipoka, kumene anagwirako ntchito ali mnyamata. Ndi makilomita pafupifupi 30 kulowera kumwera pa M5. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo Chipoka ndi pamene sitima ya pamtunda inkakumana ndi za panyanja. Lero padoko pali zii poyerekeza ndi zimene iwo amakamba. Anatisonyeza pamene ankatsitsira matumba a fetereza, ndipo anayenda pamchenga mtunda wabwino osapumira.

Amene anatinyamula kuchoka pa msewu anali wa kabaza ya njinga yamoto, mnyamata wa zaka za m'ma 20, wotsimphina pang'ono. Atamva za malume anakwinya buluku n'kutisonyeza chipsera. Anawombana ndi lole, ntchafu inathyoka pakati, ndipo ku Lilongwe anamuika chitsulo chachitali mkati mwa fupa. Anzake amamuopseza kuti chidzachita dzimbiri, kuti nthawi ya mvula chimaitana mphenzi, kuti akapanda kuchichotsa chidzamera ngati cha agogowa.

Asuweni anamufunsa mafunso angapo n'kumuuza kuti za kuchotsa akafunse amene anamuika, atajambulanso. Koma anamufotokozera kuti chitsulo chake ndi cha malume zili ndi ntchito zosiyana. Cha malume chalowa m'malo mwa fupa limene linachotsedwa, chiyenera kukhala mpaka kalekale, ndiye amachikhakhalitsa dala. Chake ndi chongogwirizira mpaka fupa lilumikizane lokha, ndipo n'chosalala kuti fupa lisachigwire, kuti tsiku lina ngati pafunika chisololoke. Madokotala a mafupa amadziwa mavuto ochotsa mbale kapena msomali wa titanium umene fupa laukuta, makamaka mwa ana, ndipo pali kafukufuku wa kupukuta zitsulo zoterezi kuti zisalale kwambiri. Luso lomwelo, koma kulowera kwina.

Zitsulo zambiri za ntchafu zimene zaikidwa m'zipatala zazikulu za boma kuno ndi za bungwe la SIGN, limene Lewis Zirkle wa ku America anayambitsa mu 1999. Ndi za stainless steel, ndipo anazikonza kuti dokotala athe kuziika popanda makina ojambula mkati mwa opaleshoni. Kwa ine chimenechi n'chanzeru chofanana ndi za ku Switzerland zija. Amene anagonapo mu wodi ya amuna mwendo utamangiriridwa miyala kwa masabata 6 kapena kuposera, banja likugulitsa mbuzi kuti womudikirira adye, amadziwa kusiyana kwake. M'zipatala za m'maboma ngati kuno, othyoka ambiri amathandizidwa ndi ma orthopaedic clinical officer, ndiye kuti achipatala ophunzitsidwa za mafupa, amene maphunziro awo anayamba mu 1985, ndipo chida chawo chachikulu chikadali chikhakha. Ngozi za kabaza nazo zikungochuluka. Mnyamatayu sanavale chipewa choteteza mutu ngakhale lero.

Za mphenzi ndinayankha ndine, poti ndi gawo langa. Mphenzi imatsata chinthu chotalika pamalo, mtengo, mlongoti, munthu woima yekha pabwalo kapena m'bwato. Sidziwa zimene zili mu ntchafu. Ndinaonjeza kuti titanium sakokedwa ndi maginito, ngakhale mchenga umene amachokerako umakokedwa pang'ono chifukwa cha chitsulo wamba chimene chili mu ilmenite. Anaseka, koma ndalama ya kabaza sanachotsereko.

Pobwerera ndinkaganiza za mchenga wa pa Chipoka. Anthu amakonda kunena kuti tikadakhala ndi fakitale bwenzi tikudzipangira tokha zitsulozi. Ine ndikuona kuti kulumpha kuchoka pa mchenga kufika pa njira ya Kroll ija n'kwakukulu, kumafuna magetsi amene tilibe. Koma kansomali ka dzino sikalemera ngakhale magalamu awiri, ndipo titanium wa mmenemo mtengo wake sungafike pa botolo la Sobo. Zimene munthu amalipira madola mazanamazana ndi kasemedwe, khungu lija, ukhondo wake, ndi zaka zoyesa pofuna kutsimikiza kuti sikavulaza. Mbali imeneyo imafuna ana odziwa chemistry ndi labotale yabwino kuposa mgodi. Ana anga a Folomu 4 amaphunzira za asidi ndi zitsulo pa bolodi, ambiri osaonapo asidi akudya chitsulo ndi maso awo.

LACHISANU

Azakhali akhala chete sabata yonse pa nkhani imodzi, lero aitulutsa. Dzino lawo lakutsogolo linachoka kalekale, ndipo mnzawo wa kwaya amene mwana wake ali ku Johannesburg anakaikitsa "lomera". Ndiye amafuna kudziwa ngati asuweni akamaliza sukulu adzawaikira lotero.

Asuweni anawatsegula kukamwa pakhonde pomwepo ndi tochi ya foni. Nkhama zatupa, zikutuluka magazi zikangokhudzidwa, mano awiri am'mbali akugwedera. Ndiye anawauza mbali imene otsatsa malonda satchula. Timaenje timene maselo a fupa amatikonda, tizilombo nato timatikonda. Chitsulo cha m'chiuno chili mkati motsekeka, koma cha dzino chimaboola nkhama n'kutulukira m'kamwa, mmene muli tizilombo tosawerengeka. Khungu lokhakhala likakhala lokwiririka m'fupa palibe vuto. Nkhama zikadwala fupa n'kuyamba kutsika, mazinga okhakhala aja amaonekera, litsiro limamatirira moti mswachi sungalichotse, ndipo fupa limapitirira kusungunuka mozungulira. Matendawa amatchedwa peri-implantitis, ndipo n'ngovuta kuchiza kuposa chiseyeye cha dzino lachibadwa. N'chifukwa chake gawo limene limadutsa mu nkhama amalisiya losalala, ndipo ofufuza akuyesa kuikapo siliva ndi zina zopha tizilombo popanda kupha maselo a fupa. Amene ali ndi chiseyeye chosachizidwa, shuga wosalamulirika, kapena amasuta fodya, ndiwo amataya timisomaliti kawirikawiri. Dzanja la dokotala nalo lili ndi mbali yake: poboola, fupa likatentha kufika madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha maselo ake amafa, n'chifukwa chake amaboola pang'onopang'ono akuthira madzi ozizira.

Pa mawu akuti fodya onse tinatembenukira kwa malume, amene amabisa ndudu m'thumba la jekete la kutchalitchi. Iwo anayamba kufunsa mmisiri za mtengo wa malata.

Ndikugwirizana ndi asuweni kuti dziko limene linatsegula sukulu yake yoyamba ya madokotala a mano mu 2019, mothandizana ndi University of Glasgow, ntchito yake yoyamba ndi kupulumutsa mano amene anthu ali nawo kale. M'maboma ambiri munthu akamva dzino kupweteka amadziwa kuti akukazula basi. Timisomali ta titanium tidzafika kwa ambiri nthawi yake, koma tidzafuna nkhama zabwino ndi munthu wozionanso chaka ndi chaka.

Azakhali sanakondwe. Anati iwo amafuna dzino, osati ulaliki. Pamapeto pake agwirizana kuti Lolemba m'mawa apita ndi asuweni ku chipatala cha boma kukayezetsa shuga ndi kukaonana ndi a mano kuti awatsuke, ndipo pakadali pano afunse za dzino la pulasitiki lochotsa usiku. Avomera pa mfundo imodzi, yoti malume apite nawo, ndipo jekete la kutchalitchi lisechedwe asananyamuke.